Ulendo wa Pansi: Mbiri ya Njira za ku Chileka ndi Lirangwe

Munthu wa galimoto akafuna kuchoka ku Chileka kupita ku Lirangwe amayamba walunjika chakumzinda wa Blantyre, kukakhota pa Kameza, ndiye n'kutsata msewu wa M1 kudutsa pa Lunzu. Wapansi alibe nazo ntchito zonsezo. Amangodula m'minda ya nandolo, kulambalala manda, kuwoloka mtsinje wa Lunzu pamene pali miyala yopondapo, kudzera kuseri kwa tchalitchi ndi pamjigo, mpaka kukatulukira pamsika. Njira zimenezi zilibe zikwangwani ndipo boma silidazilambule, koma ndi zakale kuposa phula, njanji ndi bwalo la ndege. Dziko limene lero lili m'manja mwa mafumu Kuntaja, Kapeni, Kunthembwe, Lundu ndi Chigaru lidalumikizana ndi mapazi mzungu asanabwere ndi gudumu.

Kuno anthu sankayenda pofuna kuwongola miyendo. Chinkawanyamutsa ndi katundu, msonkho, njala, maliro kapena ukwati. Chimene chinkafewetsa ulendo ndi anthu a m'mbali mwa njira, pamodzi ndi mowa umene ankafulula.

Eni nthaka amene mbiri imawakumbukira bwino m'dera lino ndi Amang'anja. David Livingstone atakwera mapiri a kuno mu 1859 adapeza anthu olima thonje, oomba nsalu ndi osula makasu, katundu amene ankayenda pamutu kukasinthana ndi mchere, nsomba zouma kapena mbuzi. Adapezanso mowa wochuluka, moti adadandaula kuti m'midzi ina ankafika anthu onse ali chiledzerere. Koma chifukwa chake adachiona yekha: mowa wa chimera sukhalitsa. Ukapsa uyenera kutha m'masiku owerengeka usanasase. Mayi amene watha sabata akunyika chimera, kusinja, kuphika phala ndi kusefa sangalole kuti thukuta lake likatayidwe kudzala. Tsono wodutsa m'njira, ngakhale wosadziwika, ankaitanidwa kuti adzathandize kupungula mbiya.

Kufika pamudzi kudali ndi dongosolo lake. Mlendo sankalunjika pakhomo la munthu. Ankatula katundu pabwalo, patsinde pa kachere kapena mkuyu, n'kukhala pansi kudikira. Eni mudzi ndiwo ankabwera ndi mphasa, kupereka moni, kenaka madzi akumwa, mafunso n'kubwera pambuyo: “Mwachokera kuti, wawa? Nanga kumene mwachokerako kwacha bwanji?” Yankho silinkakhala lalifupi, popeza nkhani za maliro, za nkhondo, za mvula ndi za mtengo wa nsalu zinkafika ndi mlendo. Pakakhala mowa, mwiniwake ankayamba walawa pamaso pa onse kusonyeza kuti mulibe choipa, chipanda n'kuyamba kuzungulira kuyambira kwa wamkulu. Wosamwa ankapatsidwa thobwa. Usiku mlendo wamwamuna ankagona kugowelo ndi anyamata, ndipo m'mawa wina ankamuperekeza mpaka pamphambano, kumulozera phiri loti aziliyang'ana ndi mudzi woti akagonepo. Amati mlendo ndi mame. Ankamusamala podziwa kuti mawa ndi iwo amene adzagogode pamudzi wa eni.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860 njira zomwezi zidasanduka zoopsa. Magulu a Ayao, mwa iwo anthu a Kapeni, adalowa m'mapiri a kuno atapirikitsidwa kwawo, nkhondo n'kubuka pakati pa iwo ndi Amang'anja, ogula anthu ochokera ku Tete n'kupezerapo malonda. Mu Julaye 1861, pamudzi wa Mbame, kumwera kwa kumene lero kuli mzinda wa Blantyre, Livingstone ndi anzake adamasula anthu 84 amene ogula anthu ankapita nawo ku Tete, amuna ali m'magoli. Chilala cha 1862 ndi 1863 chidamaliza zotsala. Midzi idabalalika, ena kuthawira m'mapiri, ena kutsidya kwa Shire. Kuyenda wekha kudali kudzipereka kwa adani, ndiye anthu adazolowera kuyenda m'magulu, mikondo ndi mfuti za gogodera zili m'manja.

Chimene chidasandutsa tinjira ta kuno kukhala khwalala la dziko lonse ndi mtsinje wa Shire. Kuchokera ku Matope kutsikira ku Chikwawa mtsinjewu umagwa mamita oposa 350 pa mathithi a Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira, ndipo palibe bwato kapena sitima imene ingadutsepo. Aliyense wochokera kunyanja ya mchere kudzera mu Zambezi, pofuna kukafika kunyanja ya Malawi, ankayenera kutuluka m'madzi n'kuponda fumbi. Mu 1875 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi E. D. Young, adamasula sitima yawo ya Ilala zidutswazidutswa, ndipo amuna mazanamazana operekedwa ndi mafumu a Amakololo adaisenza kulambalala mathithiwo. Chaka chotsatira, 1876, mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa m'dziko la Kapeni, pamalo amene adasankha Henry Henderson ndi womasulira wake Tom Bokwito. Mu 1878 kudabwera kampani ya African Lakes yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, imene tonse timangoiti Mandala. Kuyambira pamenepo katundu ankatsitsidwa m'sitima pa Katunga, kukwera chitunda mpaka ku Blantyre, ndiye kutsetsereka kudzera ku Lunzu ndi Lirangwe mpaka padooko la Matope, makilomita pafupifupi 60 kuchokera pa Mandala, pamene sitima ina inkadikira.

Akavalo ndi ng'ombe zokoka ngolo sizinkakhalitsa kuchigwa chifukwa cha kashembe, choncho zonse zidagwera pamutu pa munthu. Ntchitoyi ndiyo inkatchedwa mtengatenga. Mtolo umodzi unkalemera makilogalamu 25 kapena kupitirirapo: nsalu, mikanda, waya, sopo ndi mabokosi a zakudya ndi zakumwa za azungu popita kumpoto, minyanga ya njovu pobwerera. Amuna ankanyamuka tambala woyamba, nkhata pamutu, kapitawo ali pambuyo ndi kalata ya katundu. Kwa wosenza, ulendo wa ku Matope udali wa masiku awiri, ndipo Lirangwe ali chapakati pake, n'chifukwa chake dera limeneli lidazolowera alendo ogona m'njira. Pachigono moto unkayaka usiku wonse poopa mikango ndi afisi. Malipiro poyamba adali nsalu yoyezedwa ndi mikono, ndalama zidabwera pambuyo. Bwana yekha ndiye sankaponda pansi. Ankagona chagada m'machila, chinsalu cholimba chomangidwa pansungwi, amuna khumi ndi awiri kapena kuposa akusinthana mapewa chothamanga, akuimba kuti mapazi agwirizane. M'mabuku a apaulendo a nthawi imeneyo mwadzaza mayina a onyamulidwa. Onyamulawo amangotchulidwa ndi chiwerengero, ngati alipo 40 kapena 100.

Ena mwa iwo adali Atonga amene Mandala inkabwera nawo kuchokera kunyanja, koma ochuluka adadzakhala ochokera ku dziko la Angoni. Mu 1884 ankhondo a Chikuse, mfumu ya Angoni a Maseko, adawoloka Shire n'kusakaza midzi ya kuno, anthu n'kuthawira m'mapiri ndi pamishoni. Pasanapite zaka zambiri, Angoni omwewo a kumapiri a Ntcheu adayamba kutsika njira yomweyo chilimwe chilichonse, zishango atasiya kumudzi, kudzafuna ntchito yosenza katundu ndi yolima m'minda ya khofi. Ena adakwatira konkuno. Mukapeza Mmang'anja, Myao, Mngoni ndi Mlomwe akumwera chipanda chimodzi ku Lirangwe, dziwani kuti ndi njira imene idawasonkhanitsa. Sitima ya Chauncy Maples, imene idalowa m'madzi mu 1901, idadutsa pamtunda ili zidutswa, koma boyila yake ya matani 11 sikadatheka kuigawa, ndiye Angoni 450 adaikoka pachingolo kulambalala mathithi, tsiku lathunthu osapyola makilomita 5. Boma la atsamunda litakhazikika mu 1891, msonkho wa nyumba udachititsa kuti munthu asenze katundu afune asafune. Pankhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna pafupifupi 200,000 a m'Nyasaland adalembedwa, ambiri mokakamizidwa, pantchito ya mtengatenga, ndipo ochuluka adatsala m'njira chifukwa cha njala ndi matenda.

Nanga anthu ankadziwa bwanji kolowera m'thengo lopanda zikwangwani? Gulu likakhala lalitali, wotsogolera akafika pamphambano ankatseka njira yolakwika. Ankathyola nthambi yaiwisi n'kuigoneka pakati pake, kapena kulemba mzere ndi chala cha kuphazi, ndipo wobwera m'mbuyo akaona zimenezo ankadziwa kuti uko sikolowera. Mtengo wosemedwa khungwa ndi nkhwangwa unkalozera kumadzi kapena kuchenjeza za msampha. Milambe ikuluikulu ya kuchigwa cha Lirangwe ndi Matope, chulu chachitali, thanthwe looneka mwachilendo, zonsezi zidali ndi mayina, ndipo kulongosolera munthu njira kudali kumutchulira mayinawo mwa ndondomeko yake mpaka awaloweze. Padalinso za mizimu. M'busa Duff Macdonald, amene adakhala pamishoni ya Blantyre kuyambira 1878 mpaka 1881, adalemba m'buku lake lotchedwa Africana kuti ulendo wautali usanayambe mfumu inkathira nsembe ya ufa. Ufawo ukaunjikana bwino n'kusongoka, ndiye kuti ulendo wayera. Ukamwazika, anthu ankayamba aima n'kukaombeza. Njoka ina ikadutsa kutsogolo adali malodza, ndipo gulu lonse linkatha kubwerera pomwepo. Woopa kufika mochedwa ankapanikiza mwala pamphanda ya mtengo kapena kumanga mfundo paudzu, kuti dzuwa limudikire ndiponso akapeze nsima isanathe. Amene amaseka zimenezi sadayambe wayendapo ndi njala kuchokera ku Matope mwezi wa Okutobala.

Azungu nawo adabwera ndi zizindikiro zawo. Kuyambira mu 1892 mkulu wa boma la atsamunda, Harry Johnston, adayamba kupereka zikalata zotsimikizira malo amene makampani ndi amishoni ankati adagula kwa mafumu, ndipo njira imene agogo ankadutsa mwaufulu idapezeka ili m'esiteti ya mwini, okhalamo akulipira ndi thangata. Pambuyo pake oyeza malo adamanga tizipilala ta simenti pansonga za mapiri pojambula mapu. Mpaka lero mphekesera siitha yakuti pansi pa tizipilalato azungu adakwirira chuma, ndipo tina tidagumulidwa ndi anthu ofuna kulemera usiku umodzi. Chimene adapeza ndi simenti ndi kachitsulo.

Mtengatenga wa pamsewu wa Matope udaphedwa ndi makina, koma pang'onopang'ono. Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, malole adachuluka itatha nkhondo yoyamba ija, ndipo mu 1935 njanji yopita ku Salima idatsegulidwa, ikudutsa pa Lirangwe pamene padamangidwa siteshoni. M'zaka zomwezo za m'ma 1930 chidikha cha Chileka chidasalazidwa kukhala bwalo la ndege. M'malo a malonda mudamera masitolo a Amwenye, matelala ali pakhonde, ndipo adakhalapo mpaka boma la Dr. Banda lidalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti Amwenye azichita malonda m'mizinda mokha. Koma tikiti ya sitima inkafuna ndalama, ya ndege n'kosanena. Chatsopano chilichonse chinkachotsa m'njira anthu opeza bwino, osauka n'kutsala ndi mapazi awo.

Ulendo wautali kuposa onse udali wa kumwera. Msewu wakale wopita ku Mwanza ndi Tete unkadzera pa Chileka n'kuwoloka Shire pa Mpatamanga. Uwu wa Zalewa ndi wam'mbuyo muno. Mumsewu wakalewo mudadutsa amuna a m'maboma ambiri akupita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi kumigodi ya Johannesburg, bulangete pamsana, kampoto, thumba la ufa, kamba wa chimanga chokazinga ndi mtedza. Oyenda paokha popanda kulembedwa ndi kampani ankatchedwa a selefu. Ankatha masabata m'njira, kugwira ganyu ufa ukatha, kuzemba apolisi a Apwitikizi m'dziko la Tete, kuwoloka Zambezi pabwato. Boma la Southern Rhodesia litaona kuti antchito akufika atatheratu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 lidaika malole owanyamula popanda malipiro, amene anthu adangowatcha Ulere. Kenaka mabungwe a Mthandizi ndi Wenela adalimbirana anthu m'maofesi awo olembera ntchito. Wenela idafika ponyamula amuna pandege kuchokera pa Chileka kupita ku Francistown, mpaka pa 4 Epulo 1974 pamene ndege yake idagwa ikunyamuka ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Dr. Banda adaimitsa kulemba anthu pomwepo. Amene sadabwerere n'komwe ndiwo machona aja, ndipo m'midzi ya kuno ndi mabanja ochepa amene alibe wawo.

Kwa nthawi yaitali, akuluakulu a ku Lunzu ndi Lirangwe akati “chaka cha njala” osatchula nambala, ankanena 1949. Mvula idayamba bwino kumapeto kwa 1948, kenaka idadula chimanga chisanakule, ndipo dera louma la kumpoto kwa Blantyre ndilo lidapsa kwambiri. Megan Vaughan, amene adacheza ndi anthu a m'boma lino n'kutulutsa buku la njalayi mu 1987, adasonyeza kuti njira ndi mowa zidali pakati penipeni pa nkhaniyi. Amuna adanyamuka kukasuma kutsidya kwa Shire, ku Neno, ku Mwanza ndi ku Ntcheu, masiku angapo pansi, kukapereka mbuzi, nsalu kapena mphamvu zawo posinthana ndi dengu la chimanga. Ena adabwerera ndi mtolo pamutu. Ena adapeza nkhokwe yodzaza, n'kukwatira komweko, osacheukanso. Amayi adachikumbukira chakacho ngati chaka chimene maukwati ambiri adatha, ndipo adaziika m'nyimbo za pamtondo.

Amayiwo adapwetekedwa kawiri. Kufulula mowa ndi kutcheza kachasu ndi kumene ambiri ankapezera ndalama yawoyawo, ya sopo, ya mchere, ya nsalu ya mwana. Njala itavuta, boma lidaletsa kufulula pofuna kupulumutsa chimanga. Kuofesi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby ku Zomba lamulolo liyenera kuti linkamveka lanzeru. Pamudzi lidatanthauza kuti mayi wopanda mwamuna wolembedwa ntchito adalibe khobidi logulira chimanga chimene boma lomwelo linkagulitsa. Pofika kumayambiriro kwa 1950, pamene misasa yodyetserako anthu idatsegulidwa, ambiri mwa ofikako adali ana, nkhalamba ndi amayi osiyidwa, ena miyendo itatupa.

Njira zomwezo zidanyamulaponso chimwemwe. Lamlungu pa 6 Julaye 1958 anthu zikwizikwi adasonkhana pa Chileka kudzalandira Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene adachoka m'dziko muno pansi ali mnyamata n'kubwerera pandege patapita zaka zoposa 40. Ena adabwera pamalole ndi panjinga, a m'midzi yozungulira adabwera ndi miyendo. Pa 3 Malichi 1959 bwalo lomwelo ndi limene adamukwezerapo ndege kupita naye kundende ya ku Gwelo.

Pamowa ndi pamene padakulira nyimbo za Chileka. Mayi akafulula wogulitsa ankaimika kansalu pamtengo m'mbali mwa njira, ndipo kuti anthu akhalitse ankalandira woimba bangwe, banjo kapena gitala, malipiro ake chipanda ndi timakobidi. Oimbawo ankayenda mudzi ndi mudzi chida chili pamsana. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano, adakhalako ku Salisbury ali ana, kumene bambo awo ankagwira ntchito, ndipo adabwerako ndi nyimbo za kwela zoimbidwa ndi chitoliro chachitsulo, gitala ndi babatoni wa chingwe chimodzi. Ankaimba m'misika, pamowa ndi m'misewu ya Blantyre, ndipo ndi m'menemo mmene Gerhard Kubik wa ku Austria adawapeza mu 1967 n'kuyamba kujambula nyimbo zawo. Robert Fumulani adatcha gulu lake dzina la mtsinje wa Likhubula. Evison Matafale ndi Black Missionaries adatuluka ku Singano komweko, ndipo chikumbutso cha Matafale, amene adamwalira mu Novembala 2001, chimadzaza njira za Chileka ndi anthu apansi chaka ndi chaka. Malo omwera nawo adasintha. Kudabwera matavini a Chibuku, Carlsberg idatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, mabala adamera pamene padali mikuyu. Si zonse zokoma ayi. Kachasu ndi timowa totchipa ta m'mabotolo apulasitiki tatha anyamata ambiri, ndipo mowa wogula ndi ndalama suitana munthu wodutsa monga unkachitira wa dima kapena wa chikumbutso cha maliro.

Mtengatenga sudafe, udangopeza njinga. Mukaima pamsewu wa Chileka kapena wa Lirangwe m'bandakucha muona amuna ndi matumba atatu anayi a makala ochokera ku Kunthembwe, ku Neno ndi ku Mwanza, atayenda usiku wonse, pachitunda akukankha ndi chifuwa. Muona amayi ndi madengu a tomato, masawu ndi malambe akulunjika kumsika wa Lunzu, ana a sukulu, odwala pakabaza akupita kuchipatala cha Mlambe. Mapaipi a madzi ochokera ku Walker's Ferry, amene akhala akumwetsa mzinda wa Blantyre kuyambira m'zaka za m'ma 1960, amakwera kudzera pa Chileka, pamene m'midzi ina yoyandikana nawo ndowa ikadali pamutu. Dzinja likafika mitsinje imadula njira, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adakokolola milatho ndi maulalo ambiri m'chigawo chino.

Tsono kwabwera mtundu wina wa oyenda pansi, oyenda atakhuta. Chaka ndi chaka bungwe la Mountain Club of Malawi limakonza ulendo wokwera mapiri atatu, Michiru, Ndirande ndi Soche, tsiku limodzi, makilomita oposa 40, kunyamuka kusanache pa Blantyre Sports Club n'kukathera pomwepo. M'nkhalango ya Michiru muli njira zolambulidwira alendo, ndipo Akhristu amakwera phirilo potsata Njira ya Mtanda. Ku England kuyenda mudzi ndi mudzi Loweruka, kupuma pabala lakale la pamudzi n'kupitiriza, ndi chisangalalo cha anthu ambiri. Ena amaphatikizapo masewera otchedwa geocaching. Wina amabisa kabokosi kokhala ndi kabuku pansi pa mwala kapena m'phako la mtengo, n'kulemba pa intaneti manambala a GPS olozera malowo. Wofuna amatsata manambalawo ndi foni, akakapeza amalemba dzina lake m'kabukumo n'kukabwezera pomwepo. Masewerawa adayamba mu Meyi 2000, boma la America litasiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba, pamene Dave Ulmer adakwirira chidebe ku Oregon n'kuuza anthu kuti akachifune. Koma maganizo ake ndi akale, popeza ku Dartmoor James Perrott adasiya botolo loti alendo aziikamo makadi awo pa Cranmere Pool mu 1854.

Ine sindikuona choipa wina atabwera nazo ku Lirangwe. Azingodziwa kuti thengo la kuno lili ndi eni. Mtengo wooneka wabwino kubisapo kabokosi ungathe kukhala wa kumanda kapena wa kudambwe, ndipo mlendo wopezeka akufukula patsinde pa mlambe kachida kowala kali m'manja angaganiziridwe zoopsa. Mphekesera za anamapopa za mu 2017 zidaphetsa anthu m'chigawo cha kumwera, ku Blantyre komwe. Safunsa adadya phula. Ayambe wafika kwa anyakwawa, alandire moni, anene chimene wadzera, atenge mnyamata wa pamudzi womuperekeza ndipo amulipire. Pakakhala thobwa agule.

Chimene ndingakonde titatengera ku England si mabokosi obisikawo koma lamulo. Mu 1949, chaka chimene anthu a ku Lirangwe ankapita kukasuma ku Neno, nyumba ya malamulo ya ku Britain idalamula makhonsolo a ku England ndi Wales kuti alembe pamapu njira za anthu apansi, ndipo njira ikalembedwa mwini munda sangaitseke mwa iye yekha. Sizidangobwera zokha. Anthu wamba adalimbana, monga aja adakwera dala phiri la Kinder Scout mu 1932 eni malo akuletsa, ena mpaka kumangidwa. Kuno mzinda wa Blantyre ukukulira ku Chileka ndi ku Lunzu, minda ikudulidwa mapuloti, ndipo wogula aliyense amayamba ndi mpanda wa njerwa. Njira imene inkafupikitsa ulendo wa kuchigayo, wa kusukulu kapena wa kumanda imapezeka yatsekedwa m'sabata imodzi, nkhalamba n'kumazungulira ndi ndodo yake. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidakhazikitsa makomiti a m'midzi oyang'anira kalembera wa malo. Makomiti amenewa, pamodzi ndi mafumu ndi Khonsolo ya Boma la Blantyre, polemba minda alembenso njira ndi mayina ake, agogo owadziwa akadali moyo. Ndipo inu ogulitsa mapuloti, pakati pa mpanda ndi mpanda muzisiya mpata wokwanira anthu onyamula bokosi la maliro.